Miyezi Khumi pa Ulendo m'Dziko la Wimbe

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za dziko la Wimbe, ndi za moyo umene munthu akhala nawo pamene ulendo wake watalika. Ulendo wa masiku awiri kapena atatu tonse tiudziwa: munthu amuka kumaliro kapena kukazonda wodwala, nabwerako fumbi la kwawo lisanachoke kumapazi. Koma ulipo ulendo wina, umene mwezi ukhala, nufa, nukhalanso, munthu ali chiyendere. Ndipo ulendo wotere uli ndi makhalidwe ake amene sadziwika kwa iye wongogona kunja usiku umodzi.

Wimbe ali m'boma la Kasungu, kum'mawa kwa tauni. Misika yoyandikana naye ndiyo Chamama ndi Mtunthama, kumene kuli sukulu yaikulu ija ya Kamuzu imene inatsegulidwa mu 1981. Dzina la Wimbe ndi la mfumu yaikulu ya dzikolo, ndiponso la msika wake. Dziko lenilenilo ndi lathyathyathya. Inu a ku Dedza ndi a ku Ntcheu, amene mwazolowera kuti phiri likuuzeni kumene muli, mungasokere kuno dzuwa lili pamutu. Pakuti njira zifanana zonse, minda ifanana, zigafa za fodya zifanana, ndipo mapiri a ku Dowa aoneka patali ngati utsi. Dothi lake likonda fodya, mtedza, chimanga ndi soya. Mitengo ya makolo, misuku, mitondo ndi miwanga, yatsala pang'ono; yambiri inapita ku milimo ya fodya, ina kukhala nsanamira za zigafa, ina nkhuni zowotchera masamba, ndipo m'malo mwake mwaima mabulugama. Chotero mukaona nkhalango yowirira patsogolo panu, musati mwapeza mthunzi wopumirapo: amenewo ndi manda, ndipo mlendo salowako wamba.

Tinatumidwa kumeneko ndi Bambo Mfumu mu Sepitembala 2023, ife awiri, mphunzitsi ndi mnyamata wothandiza, kuti tikayendere matchalitchi aang'ono ndi miphakati, ndi kulemba maina a akhristu amene adza kudzagwira ntchito ya fodya osadziwika ku parishi ili yonse. Tinabwerako mu Juni 2024. Ansembe oyamba aja, monga amene anafika ku Mua mu 1902, pomuka ku ulendo anali ndi atengatenga osenza hema, bokosi la Misa ndi miphika. Ife tinali ndi njinga ziwiri zakapalasa, ndipo pa njinga katundu asankhidwa ndi njira, osati ndi mwini wake. Chimene sichigwira ntchito tsiku ndi tsiku chitsala pa nyumba ya wina, kuti chidzatengedwe pobwerera. Zimene zinayenda nafe kufikira kumapeto ndi izi: bulangete, neti ya udzudzu, malaya awiri, pampu, zigamba za chubu ndi guluu wake, sopo, mchere, buku la mapemphero ndi kaundula wa maina, amene tinali kumkulunga m'pulasitiki kawiri pamene ife eni tinali kuvumbwa.

Makolo anati mlendo ndi mame, ndipo ananena zoona za mlendo wa tsiku limodzi. Iyeyo amphera nkhuku, ampatsa mpando wokhawo uli m'nyumba, ana amgwadira pomsambitsa m'manja, ndipo m'mawa mwake wakamuka. Nafenso tsiku loyamba pa mudzi uli wonse tinalandiridwa chotero: "Takulandirani, aphunzitsi. Mwawasiya bwanji Bambo Mfumu?" Tsiku lachiwiri ndiwo zinali mazira kapena matemba. Lachitatu, nkhwani wotendera. Pofika lachisanu mayi wa pakhomo analeka kupepesa chifukwa cha ndiwo, ana analeka kutizungulira, galu analeka kutiuwa, ndipo bambo ponka kumunda anangoti, "Aphunzitsi, khasu lina lili paseli pa nkhokwe." Ife tiyesa kuti tsiku limenelo ndilo lokoma kopambana onse, pakuti pa tsiku la nkhuku munthu ali pamwamba pa banja ngati mtolo wa pamutu, koma pa tsiku la khasu watsika, nayamba kuyenda ndi miyendo yake.

Tinali kukhala sabata ziwiri kapena zitatu pamalo amodzi, pena m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi pamodzi ndi ng'oma za kwaya ndi mileme, pena m'mphala ya anyamata. Ntchito zazing'ono zimene kunyumba zichitika munthu osaziona, pa ulendo zidya theka la tsiku. Madzi tinali kutunga tambala wachiwiri atangolira, amayi asanachuluke pa mjigo. Chifukwa mwamuna wa zaka makumi anayi woima pamzere ndi ndowa aseketsa mudzi wonse, ndipo amayi amlanda ndowayo mwaulemu wosakanika. Malaya amodzi achapidwa ena ali pathupi. Mu Okutobala njinga ikankhidwa pamchenga, kamvuluvulu nakuthira fumbi m'maso. Mu Januwale isenzedwa paphewa powoloka dambo, matope atamata matayala. Lamya ya m'manja ipatsidwa moto pa msika kwa mnyamata wa sola, ndipo pofuna kulankhula ndi a kunyumba munthu akwera pa chulu. Masiku a sabata asokonezeka m'mutu. Lamulungu lokha ndilo chikhomo chimene masiku ena awerengedwa kuchokera pamenepo.

Ndipo pa chulupo ndi pamene mtima ulemera. Mayi wa kunyumba anena kuti mbuzi yaswa, denga ladontha, mwana wamng'ono wayamba kuyenda. Mwezi woyamba afunsa, "Nanga tichite bwanji, bambo?" Mwezi wachitatu angoti, "Denga lija tinafolera, alamu anu anathandiza." Palibe choipa chachitika, ndipo munthu ayenera kuthokoza, komabe atsika pa chulu ali duu, pakuti waona ndi makutu ake kuti nyumba iphunzira kukhala popanda mwini wake, monga bala lipola ndi kutseka pamene panali munga.

Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 ali yense. Ndalama ya kamba wathu, imene inawerengedwa kuti ifike pa Pasaka, inafupika ngati nsalu yochapidwa koyamba. Sopo, mchere, shuga ndi chubu zinakwera mtengo masiku omwewo. Kenaka inafika miyezi imene inu nonse muidziwa, Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe ilira ngati ng'oma ndipo dowe asanakhwime. Chaka chimenecho mvula inadula pakati, ndipo pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. Pa miyezi yotere mlendo aphunzira kuwerenga mitanda ya nsima. Akamva mayi wa pakhomo ali kuti, "Idyani, aphunzitsi, ife tadya kale," pamene mphika unali umodzi ndipo anauona, adziwa kuti mtanda wachiwiri uli m'mbale yake ndi wa mayiyo. Kutulutsa ndalama pamenepo ndi kutukwana banja. Njira imene akulu a mphakati wina anationetsa ndi iyi: mlendo apempha kuti apite ndiye kuchigayo, popeza ali ndi njinga, ndipo thumba libwerako lolemera kuposa mmene linapitira. Mayi aliona, mlendo adziwa kuti waliona, ndipo palibe anenapo kanthu.

Koma tsono ulendo wathu unali ngati masanje poulinganiza ndi wa anthu amene tinatumidwa kukawalemba. Ife tinali ndi tsiku lobwerera, ndi khomo lotidikira. Iwo ndiwo apaulendo enieni a dziko la Kasungu: mabanja ochokera ku Phalombe, Mulanje, Thyolo, Zomba, Machinga ndi Mangochi, kumene anthu achuluka ndipo minda yachepa, amene atengedwa pa malole mu Ogasiti kapena Sepitembala kudzalima fodya m'maesiteti. Anthu awatcha matenanti. Mchitidwe umenewu ndi wakale. M'zaka za m'ma 1920 Mzungu wina, A. F. Barron, anafalitsa ulimi wa fodya pakati pa anthu a m'chigawo chapakati, kuyambira ku Lilongwe, ndipo mu 1926 boma la Atsamunda linakhazikitsa bungwe loyang'anira fodya wa anthu akuda. M'masiku a Kamuzu maesiteti anachuluka ku Kasungu, aakulu monga a Press ndi General Farming, ndi aang'ono a anthu amaudindo. Mlimi wa m'mudzi sanaloledwe kulima fodya wa bale pa munda wake kufikira lamulo linayamba kumasulidwa mu 1990. Esiteti inali ndi malo ndi chilolezo, koma inalibe manja. Manjawo anachokera kummwera.

Pangano lake ndi lotere. Banja lipatsidwa ndime, mbewu, feteleza ndi makasu. Lipatsidwanso phoso, ndiye ndowa ya chimanga ndi mchere pang'ono pa nthawi yoikika. Zonsezi zilembedwa m'buku la kapitawo, pamodzi ndi mtengo wa lole imene inawatenga kwawo ndi ndalama ili yonse yobwereka mwana akadwala. Pakutha pa chaka mwini esiteti agula fodyayo pa mtengo umene aika iye, nachotsa za m'buku, ndipo chotsala ndicho malipiro a miyezi khumi a bambo, mayi ndi ana. Mu Novembala 2019 dziko la America linaimitsa fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha ntchito ya ana ndi yokakamiza, ndipo pambuyo pake linatsegulira makampani ena litafufuza. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa utenanti. Lamulolo ndi labwino, ndipo pena tinapeza anthu alembedwa monga antchito a malipiro odziwika. Koma m'malo ambiri dzina lokha ndilo linasintha. Buku lija tinalipeza lili pomwepo. Tisanene ngati eni minda onse ndi zilombo, ayi. Ambiri a iwo si olemera. Ena ndi akhristu anzathu okhala pa benchi ya kutsogolo, amene nawonso ali ndi ngongole ya feteleza ku kampani, ndipo adikira mtengo umene udzanenedwa ndi ogula, m'madola a ku America. Koma ngongole ikatsika kuchokera pamwamba, iima pa iye amene alibe wina pansi pake.

Nyumba ya munthu wotere muizindikira musanaone mwini wake. Ndi kanyumba ka udzu kapena kophomedwa msangamsanga, koima pamzere ndi tinzake m'mphepete mwa munda. Palibe nkhokwe. Palibe khola la mbuzi. Palibe mtengo wa mango kapena wa papaya, pakuti ndani abzala mango podziwa kuti mu Ogasiti adzachoka? Mungopeza maungu ndi mpiru, mbewu zosachedwa, ndi mafuwa atatu. M'kati, chikwama chija anadza nacho chipachikidwa pa nsanamira, chosamasulidwa chonse. Ife amene tinali kukhala ndi katundu wathu womanga theka tinachizindikira chikwamacho ngati mbale wathu.

Masiku awo awerengedwa ndi fodya. Chaka chiyamba mu Sepitembala, dzuwa lili kuswa mtengo, pa nazale ya m'mphepete mwa dambo. Njere ya fodya ndi yaing'ono kotero kuti aisakaniza ndi madzi m'kheni poifesa, ndipo mabedi athiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa miyezi iwiri, Lamulungu lomwe. Mvula yoyamba ikagwa banja lonse liwokera, mwana aponya mbande, mayi akwirira. Kenaka kupalira, kubandira, kuthira feteleza, kuthena nsonga kuti mphamvu ipite kumasamba, ndi kuchotsa mphukira zimene zibwereranso sabata ndi sabata. Mu Januwale kuthyola kuyamba, kuchokera ku masamba a pansi: usana kuthyola, madzulo ndi usiku kusoka ndi kupachika pa mikangala m'chigafa. Ntchito yolemetsa kopambana ifika pa mwezi umene chakudya chichepa kopambana. Masamba onyowa ndi mame alowetsa chikonga pa khungu, munthu nachita chizungulire ndi kusanza, ndipo ana ndiwo agwa msanga. Manja ada ndi phula la fodya limene sopo salichotsa. Tinasoka nawo mausiku angapo, chifukwa imeneyo ndiyo nthawi yokha imene munthu angacheze nawo. Ndipo pamenepo, ntchito itatenthetsa pakamwa, Chichewa chinali kuleka ndipo Chilomwe kapena Chiyao chinali kuyamba, ndi nkhani za phiri la Mulanje ndi nsomba za ku Chilwa.

Ntchito yathu ya kaundula inali yovuta chifukwa cha ichi. "Munabatizidwa kuti, bambo?" "Kwathu ku Phalombe, aphunzitsi." "Khadi lili kuti?" "Linapita ndi madzi." Sanali kunama: namondwe Freddy, mu Malichi 2023, anagumula midzi ya m'munsi mwa mapiri a kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ena amene tinawalemba anadza ku Kasungu chifukwa munda wawo unakwiririka ndi miyala ndi mchenga. Tinapezanso mabanja amene akhala pamodzi zaka zisanu pa maesiteti anayi, ofuna kudalitsa ukwati wawo. Koma ankhoswe ali kutali, ndipo asanamalize maphunziro pa tchalitchi chimodzi lole yawatengera kwina. Ana alowa Sitandade 2 katatu pa sukulu zitatu, kapena salowa konse. Inu a kummwera amene muwerenga izi, ngati mbale wanu akwera lole chaka chino, mpatseni khadi lake la ubatizo ndi kalata ya Bambo Mfumu wa kwanu, zokulungidwa m'pulasitiki. Zilemera pang'ono kuposa supuni, ndipo zitsegula makomo ambiri.

Tsiku limene tinaona poyera kuti ulendo wautali ndi chiyani linafika mu Febuluwale. Pa esiteti ina, imene sitiitchula, mwana wa zaka ziwiri wa banja lina la kummwera anamwalira ndi malungo. Kwawo ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa galimoto, ndipo mtengo wonyamula maliro unaposa zonse zimene bambo wake akanalandira pakutha pa chaka. Munthu wa pamudzi safunsa kumene adzagona. Manda a mtundu wake alipo, ndipo adzukulu adziwa pokumba. Wapaulendo ayenera kupempha ngakhale dothi. Bamboyo anamuka kwa nyakwawa ya mudzi woyandikana, akulu awiri a mphakati atamperekeza, ndipo ife tinatsata. Anakhala pansi patali, naomba m'manja. Mkulu mmodzi anamlankhulira, popeza mwini maliro salankhula yekha. Mfumu inakhala chete nthawi yaitali, ndipo kenaka inafunsa za mtundu wake, za mfumu ya kwawo, ndi ngati amalume a mwanayo amva. Atayankha zonse inati, "Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Uzani adzukulu akumbe."

Anakumba chakumphepete kwa nkhalango ija, kumbali kumene agona alendo ena a zaka zapitazo. Mwini esiteti anapereka matabwa a bokosi, ndipo tiyenera kunena kuti sanawalembe m'buku. Amayi a mphakati anadza ali yense ndi kambale ka ufa. Inu amene mudziwa mtengo wa kambale ka ufa mu Febuluwale mumvetsa chimene tili kunena. Anagona pa siwa ndi mayi amene dzina lake ambiri analimva tsiku lomwelo. M'mawa mwake fodya anali atapsa m'munda, pakuti tsamba silidikira kuti maliro athe, ndipo likachedwa liwonongeka ndi kulowa m'buku monga ngongole. Anyamata a kwaya anamuka kukathyola ndime ya wofedwayo. Patapita masiku tinamfunsa ngati adzabwerera kwawo mu Ogasiti. Anayang'ana kunkhalango kuja nati, "Aphunzitsi, tsopano ndili naye wanga m'dothi lino. Mayi ake akuti tikhale chaka china."

Ku seminale tinaphunzira kuti m'Chilatini liwu limodzi, hospes, litanthauza mlendo ndiponso mwini nyumba womlandira. Ku Kasungu liwu limenelo limveka bwino, pakuti ndi nyumba zochepa zimene sizinatumizepo mwana wawo kukakhala mlendo kwina. Kamuzu Banda mwini anachoka m'dziko lomweli ali mnyamata, cha m'ma 1915, nayenda pansi kunka ku Rhodesia, kenaka ku South Africa, ku America ndi ku Britain. Pamene anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, patapita zaka zoposa 40, analankhula ndi anthu ake m'Chingerezi, wina namasulira. Ulendo wautali udya ngakhale lilime. Anyamata ambirimbiri anatsata njira ya kummwera, ena pansi, ena kudzera ku Theba, kukakumba golide ku Joni. Ulendowo unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74 amene anali kubwerera kwawo. Amene sanabwerere konse tiwatcha matchona, ndipo mudzi uli wonse uli nalo dzina limene litchulidwa motsitsa mawu. Agogo ena amene tinagona pakhomo pawo anationetsa bokosi lachitsulo limene anabwera nalo kumigodi. M'kati munali jekete, chipewa ndi mapepala a ntchito osungidwa bwino. Zidzukulu zawo ziwiri zili ku Joni tsopano, zinapita pa basi kudzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge. Agogowo ndiwo anali oyamba kutumiza ufa ku maliro aja.

Akuluakulu a ku Wimbe akumbukiranso njala ya 2001 ndi 2002, ndipo onse anena chimodzi: oyamba kuoneka m'misewu anali anthu a m'maesiteti, amene phoso litatha anauzidwa kuti adzionere okha. Analibe nkhokwe, analibe mbuzi yogulitsa, analibe mbale wapafupi. Anayenda khomo ndi khomo kufuna ganyu ya gaga. M'njala yomweyo mnyamata wa m'mudzi wa Masitala, William Kamkwamba, wa zaka 14, anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi. Anapeza buku la sayansi m'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, ndipo mu 2002 anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo, ndi mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi chikupizo cha thirakitala. Makinawo anamtengera ku ulendo wake wautali: ku Arusha mu 2007, ku sukulu ku Johannesburg, ndi ku Dartmouth College ku America, kumene anamaliza mu 2014. Mbiri yake inatuluka m'buku mu 2009 ndi pa kanema mu 2019. Iyeyu sanatchone, pakuti wathandiza kumanga zipinda za sukulu ndi kubweretsa madzi kwawo. Chifukwa cha iye Wimbe alandira alendo a mtundu wina, obwera pa galimoto kudzaona makinawo. Ameneŵa ndiwo mame enieni, pakuti afika dzuwa litakwera, najambula, nachoka nsima isanapse. Tilibe nawo mlandu. Koma msewu umene adzera upita pambali pa tinyumba tija topanda nkhokwe, ndipo galimoto siima.

Mu Malichi dowe anapsa, maungu anachuluka, ndipo nkhope za anthu zinabwerera. Epulo ndi Meyi ndi miyezi ya kusankha fodya: banja likhala m'chigafa kupatula masamba monga mwa mtundu ndi utali wake, kumanga ndindi, ndi kudinda mabelo pa jeke m'ziguduli. Fumbi lake likhosomoletsa mudzi wonse. Ngolo za ng'ombe ndi malole zinayamba kutenga mabelo kunka ku okushoni ya ku Chinkhoma ndi ya ku Kanengo, ndipo misika inadzaza ndi malata, njinga, mawailesi ndi mowa. Antchito aja anadikira, pakuti buku litsegulidwa fodya atagulitsidwa. Amene tinawaona atawerengeredwa tisananyamuke, ena anatsala ndi ndalama yogulira malata angapo ndi ya ulendo wobwerera. Ena anatsala ndi yongokwanira basi. Ena anauzidwa kuti buku lawaposa, ndipo akhale chaka china kuti abweze. Pa maina ambiri a m'kaundula wathu tinayenera kulemba pambali, "achoka mu Ogasiti," ndipo tinalembera aphunzitsi anzathu a kumene ananena kuti apita. Banja lija la mwana tinalisiya litabzala mtengo wa papaya kuseri kwa kanyumba kawo.

Tinanyamuka mu Juni, mphepo ya mwera ili kuwomba ndipo anyamata ali kutentha tchire kusaka mbewa. Pobwerera tinadzera m'nyumba zimene tinasiyamo katundu, ndipo pa ili yonse anatimangira pa njinga mtedza kapena mbatata, kotero kuti tinafika kwathu olemedwa kuposa mmene tinachokera. Kaundula tinampereka kwa Bambo Mfumu. Pakhomo pathu denga linali lofoleredwa bwino, ana a mbuzi anali atakula, ndipo mwana wamng'ono uja, amene tsopano athamanga, atationa anabisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi ake. Mayi anatipatsa mpando, mwana wamkulu anagwada potisambitsa m'manja, ndipo madzulo ake anatiphera nkhuku.